Tayamika Amagona M'kalasi

"Munenenso pang'onopang'ono. Anati chiyani?"

"Anati amagona."

"Amagona kuti?"

"M'kalasi, mayi a Taya. Mukuganiza kuti mphunzitsi angandiimitse pageti kuti andiuze zoti mwana amagona pabedi?"

Viness anaimika simbi n'kusiya yunifolomu yabuluu itasitidwa mbali imodzi. Mwamuna wake Enos anali atangolowa kumene kuchokera kokatenga mwana kusukulu, majombo a kugadeni akadali kumapazi. Mwana wokambidwayo, Tayamika, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali panja akudumpha chingwe ndi ana a aneba, ndipo m'kukuwa kwake munalibe chizindikiro chilichonse cha tulo.

"Chondinyansa n'choti amanena akuseka," anapitiriza Enos. "Akuti, 'Bambo a Taya, mwana wanu uyu amagona, shuwa. Masamu amagona, Chizungu amagona. M'kalasi monse palibe wogona ngati iye.' Mano onse panja, ngati akundiuza kuti ndawina mpikisano."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati zikomo. Pageti panali anthu."

Sukuluyo inali ya mpingo: makontena angapo opakidwa utoto, kumapeto kwa Masiphumelele, komboni ya m'dziko la eni, kumene nyumba za malata zimakathera m'dambo. Ana ambiri anali a anthu obwera, ndipo kaphunzitsidwe kake kanali kodziwika. Mphunzitsi ankanena chinthu m'Chingerezi, n'kuchilongosola m'chilankhulo cha kunyumba kwa mwana, n'kubwereranso ku Chingerezi. Ana a Chimalawi ndi a ku Zimbabwe anawaika m'manja mwa Otilia, mayi wobadwira ku Mufakose mumzinda wa Harare, amene agogo ake aamuna anachoka ku Dedza wapansi kalekale. Chichewa chake anachita kusiyiridwa ndi agogowo ngati jekete: chofunda ndithu, koma chodzaza ndi zigamba za Chishona.

Enos sukuluyi sanaikondepo. Iye ankasamalira gadeni ya mayi wina wachizungu ku Kommetjie, ndipo chilichonse m'moyo ankachimvetsa kudzera m'mbande. "Mbande muiwoke apa m'mawa, madzulo muizule mukaiwoke apo, igwira?" ankatero. "Mutu wa mwana ndi chimodzimodzi. Mumuike m'Chingerezi, mumusiye momwemo, agwire mizu." Kunyumba anakhazikitsa lamulo loti nthawi ya chakudya chamadzulo pasamveke Chichewa, ngakhale Chitumbuka cha kwawo ku Rumphi. Zotsatira zake, banja lonse linkadya mwakachetechete, kupatula mawu ochepa opemphera mchere.

Viness, amene ankakonza m'zipinda panyumba ina ya alendo ku Fish Hoek, ankaona mosiyana. Iye makalasi oyamba anaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chinabwera pambuyo, ndipo lero ndiye ankayankha foni ya pantchito abwana akachokapo. "Mwana wonena zimene sakuzimva ndi wailesi," ankatero. "Ine sindinabereke wailesi."

Koma tsopano panali umboni, ndipo umboniwo unagwera mbali ya Enos. N'chifukwa chake Viness sanaukhulupirire. Sabata yomweyo madamu a Enos, mzungu wa gadeni uja, omwe anali m'komiti ya sukulu ina ya kutsidya kwa msewu waukulu, ya Chingerezi chokhachokha, anali atanena kuti kwapezeka malo a mwana mmodzi ndipo akufuna yankho mwezi usanathe. Malo kupezeka Lolemba, tulo kupezeka Lachitatu. Viness anaona kuti zinthu ziwirizi zayenderana bwino mopitirira muyeso.

Enos naye anali ndi womukayikira wake. Mwana sagona masana popanda wina womuchedwetsa kugona, ndipo iye anali atamvapo manong'onong'o kuseri kwa katani, mayi ndi mwana akucheza m'chilankhulo choletsedwa. Anayamba kunamizira tulo kuti azimvetsera. Viness anazindikira msanga, popeza munthu wogonadi sasiya mkonono kuti amve bwino.

Viness anamutong'ola mwana m'maso kuona ngati magazi achepa. Anamugwira pachipumi. Anakayikira nyimbo za pashabini ya kuseri, anakayikira buledi wa pasipaza, kagolosale ka mumsewu wawo. Pomaliza awiriwo anagwirizana zofunsa mwini wake. Linali Loweruka masana, Viness akumumasula tsitsi pakhomo.

"Taya, Anti Otilia akuti umagona m'kalasi. N'zoona?"

Nkhope ya mwanayo inawala. "Eee! Dzulo ndinagona katatu. Chantelle anagona kamodzi kokha."

Chipeso chinaima m'tsitsi. Enos anakoka kabenchi n'kukhala moyang'anizana ndi mwanayo. Nkhani zikuluzikulu iye ankazifunsa m'Chingerezi.

"Tayamika. Do you sleep in class?"

"No, Daddy."

"You don't sleep?"

"No."

"Nanga amayi ako wawauza chiyani pompano?"

"Ndati ndimagona. Koma si..."

"English!"

Mwanayo anatsegula pakamwa, anafufuza m'Chingerezi chake chonse, sanapezemo chimene ankafuna, n'kuyamba kulira.

"Mwaona?" anatero Enos, akuyang'ana mkazi wake. "Funso limodzi, mayankho awiri. M'Chichewa akuvomera, m'Chingerezi akukana. Ndi zimene ndimanena zija. Sukulu imeneyi ikutiumbira ana awiri m'mutu umodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi wabodza."

Lolemba Viness anapempha kuti alowe mochedwa kuntchito, n'kuperekeza mwana yekha. Chinali chaka chachilala, mzinda wonse ukuwerengera madzi, ndipo anapeza Otilia ataimirira pageti ndi kabotolo ka mankhwala ophera majeremusi, akupopera ana m'manja mmodzimmodzi m'malo mowasambitsa.

"Mai Taya! Mwasowatu."

"Tilipo, aphunzitsi. Ndimati ndidzamve ndekha. Akuti mwanayu amagona?"

"Amagona! Bambo anakuuzani eti? Ine ndinawaona ngati sanasangalale, ndinati mwina ndi kutopa."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Poyamba ankachita manyazi, koma chiyambire kumulongosolera m'Chichewa, haa, wamasuka. Pano ndikangoponya funso, anzake akuganizabe, iye wagona kale."

"Ndiye akagona mumatani?"

"Timamuwombera m'manja, nanga n'kutani? Kalasi yonse."

Viness anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufuna kuona pamene pabisala chipongwe. Sanapaone. Belu linalira, Otilia anakusa ana ake n'kulowa nawo m'kontena, akumwetulirabe.

M'takisi ya ku Fish Hoek Viness anapeza mafotokozedwe atatu. Mwina mayiyo mutu sukuyenda. Mwina ndi waulesi, ndipo mwana wogona ndi ntchito yochepa. Mwinanso amagoneka ana a Chimalawi dala kuti a kwawo ku Harare adutse. Analephera kusankha, choncho anatenga onse atatu. Madzulo, Enos asanavule n'komwe majombo, anamuuza kuti, "Kawauzeni madamu anu kuti tavomera."

Tsiku lomaliza Enos anakatenga mwana yekha. Otilia anamufunsa, m'maso muli misozi, ngati pali chimene analakwa.

"Palibe, aphunzitsi. Tikungofuna sukulu imene ana amakhala maso."

Otilia anati zikomo. Pageti panali anthu.

Sukulu yatsopano inali ndi yunifolomu yobiriwira, bwalo lalikulu la udzu wouma, ndi lamulo limodzi limene Enos analikonda kuposa nyumba zake zonse: ukalowa pageti, Chingerezi basi, ngakhale pa buleki, ngakhale polira. Popeza kunalibe womuperekeza wina, Tayamika ankadzuka kusanache n'kukwera takisi imodzi ndi bambo ake, ndipo akaweruka ankakhala pakhonde la kuseri kwa madamu kudikira kuti bambo amalize kuthirira maluwa ndi madzi otsala m'bafa. Madamu ankamuonetsa kwa alendo. Ankamufunsa za kusukulu, iye n'kuyankha kuti "Fine", alendo n'kuyamikira katchulidwe kake.

Kunyumba nako kunali "Fine". Nthawi zina "Yes, Daddy". Chingwe chodumpha chinagwera kuseri kwa bedi ndipo palibe anachifunsa. Manong'onong'o a kuseri kwa katani anatha okha, moti Enos anayambiranso kugona tulo tenitenti.

"Mbande yowoka kumene imayamba yafota," anatero Viness atadandaula. "Mudikire."

"Ikapitirira kufota mumaitcha chiyani?"

"Mudikire, mayi a Taya."

Kumapeto kwa teremu makolo anaitanidwa. Mphunzitsi watsopanoyo, mtsikana waulemu, anawafotokozera m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti Tayamika ndi mwana wabwino. Sasokoneza, samenyana, salankhula. Koma dzuwa likangokwera amaika mutu padesiki n'kugona. Mphunzitsi ameneyu ponena sanaseke.

Ali panjira Enos ankaoneka ngati wapepukidwa. "Mwamva? Ndi matenda akale, anawatenga kumakontena. Chabwino n'choti kuno samuwombera m'manja."

Viness anangoti "Mm". Panali chinthu chimene sichinkalowa bwino m'malo mwake. Kumakontena mwana ankagona n'kubwera kunyumba akuimba. Kuno ankagona n'kubwera ngati wochokera kumaliro. Tulo take tinali ta mitundu iwiri, ndipo Viness, ngakhale ankayala mabedi a anthu tsiku ndi tsiku, ankadziwa mtundu umodzi wokha.

Chichokere mwana kusukulu ija, Viness ankazemba njira iliyonse imene akanakumana ndi Otilia. Koma Lamlungu lomaliza la tchuthi, Viness atabwera kuchokera kutchalitchi, mpopi wa mumsewu wawo unangotsokomola mpweya. Anatenga zigubu ziwiri kupita kumpopi wa kudambo, ndipo atatembenuka pamzere anapeza kuti woima kumbuyo kwake ndi Otilia.

"Muli bwanji, mai Taya?"

"Tili bwino, kaya inu."

"Taya ali bwanji?"

"Ali fine."

Anathera pomwepo. Madzi ankatuluka ngati ulusi, ndipo amayi awiriwo anawayang'anitsitsa ngati sanaonepo madzi. Zigubu zitadzaza, Viness anapinda nsalu n'kuika pamutu, anagwada pang'ono, n'kudzitwika chigubu chimodzi yekha. China anachinyamula kumanja.

"Iii, mai Taya!" Otilia analephera kudzigwira. "Inu mumagona! Ine ndingathyoke khosi."

Viness anaima, chigubu chili pamutu.

"Mwati chiyani?"

"Ndati mumagona. Kusenza."

"Ndagona ine? Si ndaima pano?"

"Ayi, ndikuti mumagona. Mumatha. Mumachita bwino."

"Kugona ndi kutha?"

"Eee. Munthu wogona si wodziwa chinthu? Wanzeru? Si mmene timanenera?"

"Timanenera ndani?"

Mayi wina wachixhosa kumbuyo anawauza kuti ngati atunga asendere, koma palibe anasuntha.

"Nanga munthu akatseka maso pabedi," anafunsa Viness, "mumati watani?"

"Ameneyo warara." Otilia ananena motsitsa mawu. Kenako anaika dzanja pakamwa. "Mayo ine. Agogo akamati 'ndikukagona', ife ana tinkaseka, tinkati mdala akudzitama. Ndimadziwa, mai Taya, ndimadziwa ndithu kuti kwanu ndi tulo. Koma pakamwa panazolowera Chishona cha kwathu, sindinaganizeko." Pomwepo anakumbukira china. "Ndipo ndinakuuzani kuti timamuwombera m'manja."

"Kalasi yonse," anatero Viness.

Anatula chigubu.

"Mukanandifunsa," anatero Otilia.

"Ndinakufunsani."

"N'zoona. Ndipo ndinakuyankhani."

Viness anafotokoza za sukulu yatsopano, za "Fine", za mutu padesiki. Otilia anamvetsera osamudula. Kenako anati malo a Tayamika anapita kalekale kwa mwana wa a Chakufwa, chifukwa odikira anali ambiri ndipo kontena silitambasuka. Koma kumapeto kwa benchi, pafupi ndi zenera, mwana wochepa thupi akhoza kukwana. A hedi akhoza kulola ngati mwanayo afika mawa m'mawa, tsiku lotsegulira teremu. Mawa likadutsa salandiranso aliyense mpaka chaka chamawa, ndipo chaka chamawa Tayamika adzakhala atapitirira kalasi ya Otilia.

Enos anamva nkhani yonse atakhala pampando, akupala matope kumajombo ndi kamtengo.

"Mwapangana pampopi," anatero.

"Tapangana chiyani?"

"Mayi ameneyo ana akumuthawa, ndiye wapeka mawu. Inunso sukulu yobiriwirayi simunaifunepo. Chilankhulo chanji chimene kugona ndi nzeru? Anthu ake amadzuka liti?"

"Muimbireni Lester."

Lester anali mnzake wa ku Harare wosamalira gadeni yoyandikana ndi ya madamu. Enos anaimba n'kuika foni patebulo kuti onse amve, ngati munthu wotsimikiza kuti apambana.

"Lester, ndiyankhe mwachidule. Ndikati iwe umagona, ndakunyoza kapena ndakuyamikira?"

"Zitengera kuti taima pati, mdala. Ku Lilongwe wandinyoza. Ku Harare wandiyamikira, ngakhale wachedwa nazo. Bwanji, madamu ako aona tsopano kuti maluwa anga ndi amene amaphuka?"

Enos anadula foni. Anapala jombo lachiwiri, ngakhale linali loyera kale. Viness anadikira. Ankamudziwa mwamuna wake: akagwa, amayamba wafufuza ngati pansipo pali chimene angatole.

"Ndiye kuti ndimanena zoona," anatero Enos pomaliza.

"Pepani, mwati?"

"Mayiyo akanalankhula Chingerezi, 'your child is clever', mawu anayi, bwenzi zonsezi kulibe. Chatisokoneza n'chiyani? Kusakaniza. Chimene ndakhala ndikukana chija."

"Mwana anati 'koma si'. Anatsala pang'ono kutiuza. Inu munati English."

"Akanakhala kuti amachidziwa Chingerezicho akanatiuza."

"Akanakhala kuti munamulola Chichewa akanatiuza tsiku lomwelo, tsitsi ndisanamalize."

Anayang'anizana. Aliyense anali ndi umboni wokwanira, ndipo unali umboni umodzi womwewo.

"Madamu anaima pamaso pa komiti chifukwa cha ife," anatero Enos, mawu atatsika. "Yunifolomu anakasankha okha. Mawa ndikaime pagadeni pawo ndiwauze chiyani? Kuti tabweza mwana kukontena chifukwa mawu amodzi anatipusitsa? Adzandiyang'ana bwanji? Ndipo ana onse amayamba chonchi. Chaka chamawa adzakhala akulankhula ngati mzungu, mudzandithokoza."

"Mwina. Kapena chaka chamawa adzakhala akuti 'Fine' mokoma kuposa lero."

"Kukontena adzathera kuti? Mayeso onse a dziko lino ndi a Chingerezi."

"Kukontena ankayankha mafunso anzake asanaganize. A Chingerezi omwewo."

Viness anatulutsa sutikesi pansi pa bedi, anavundukula zovala, n'kupeza yunifolomu yabuluu ija. Anaikung'untha n'kuipachika pamsomali, pambali pa yobiriwira. Analumikiza simbi kumagetsi n'kuiimika patebulo. Sanatenge iliyonse mwa ziwirizo. Enos anayang'ana msomaliwo, n'kuyang'ana foni yake, mmene munali nambala ya madamu.

Onse awiri ankaganiza kuti mwana ali m'tulo kuseri kwa katani, popeza masiku amenewo akangokhala pansi ankagona. Koma katani inasuntha, Tayamika anatulukira, maso ali gwa, opanda tulo ngakhale pang'ono. Inali nthawi ya chakudya chamadzulo, nthawi ya lamulo lija. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana bambo ake, n'kuloza msomali. Analankhula m'Chichewa, ndipo Enos sanati English.

"Ndiye mawa ndivale iti?"